Foda ikakana kutseguka tisamathamangire kuzimitsa chitetezo

Akonzi,

Zikomo pondipatsa danga m'nyuzipepala yathuyi. Ine ntchito yanga ndi yokonza makompyuta, makamaka m'maofesi ang'onoang'ono aja okhala ndi makompyuta atatu, anayi kaya asanu, momwe mulibe munthu wa IT wolembedwa ntchito koma amangoitana wina zinthu zikavuta. Nkhani imene ndikufuna ndilankhuleko ena aiona ngati yaing'ono, koma ine yakhala ikundiwawa mumtima kwa nthawi ndithu, ndipo zimene ndinapeza mwezi wathawu pa ofesi ina ndi zimene zandikhazika pansi kuti ndilembe.

Pa ofesi imeneyo pali kompyuta imodzi yakale ya Windows 7 imene imasunga foda ya onse, muli makalata, malisiti, mayina a makasitomala ndi manambala awo a foni, za malipiro a antchito, tingoti moyo wonse wa bizinesiyo uli mufoda imeneyo. Palinso makompyuta awiri a Windows 10 amene akhala akulowa mufodamo bwinobwino zaka zonsezi. Nde abwana agula laputopu yatsopano ya Windows 11, kuilumikiza pa netiweki, foda ija yakana. Anaitana munthu wina, sindimutchula ndipo sindikufuna kumuipitsa chifukwa ndikudziwa mmene zimakhalira kasitomala akakuimirira kumbuyo akufuna zinthu ziyende pompano. Koma zimene anachita ndi izi, anazimitsa firewall, mpanda wotchinga zolowa mosaloledwa kuchokera pa netiweki, pa makompyuta onse anayi, nkuyatsa SMB1, njira yakale yogawanirana mafoda imene ndifotokoze pansipa, paliponse pamene inali yozima, zitakanikabe anakapeza malamulo ena pa intaneti ouza laputopuyo kuti izilowa ngati mlendo popanda pasiwedi komanso isiye kusayina mauthenga ake, chidindo chotsimikizira kuti uthenga sunasinthidwe panjira, kenako nkupereka Full Control kwa Everyone, kutanthauza mphamvu zonse kwa aliyense, osati pa foda yokha ija ayi koma pa drayivu yonse ya C. Foda inatseguka, onse anasangalala, iye nkumapita. Palibe chimene anabwezeretsa, palibenso chimene anafotokoza. Ine anandiitanira za pulinta, nde poyang'anayang'ana mpamene ndinaona kuti zitseko zonse nzosatseka ndipo eni ake sakudziwa nkomwe.

Chonsecho vuto lenileni linali laling'ono zedi. Foda ija inali yotsegulira aliyense popanda pasiwedi, ndipo Windows 11 Pro ya mtundu wotchedwa 24H2 imakana dala kulowa mufoda yotero, siinawonongeke ayi, inapangidwa choncho. Chimene chimafunika nkungopanga akaunti imodzi yokhala ndi pasiwedi pa kompyuta ya Windows 7 ija, kuipatsa chilolezo pa fodayo, basi laputopu nkulowa ndi dzina limenelo. Ntchito ya mphindi 10.

Ndifotokoze pang'ono za SMB1 chifukwa apa mpamene anthu ambiri akusocheretsedwa. Makompyuta akamagawana mafoda amagwiritsa ntchito njira yolankhulirana yotchedwa SMB, ndipo ili ndi mibadwo. SMB1 ndi ya m'zaka za m'ma 1980, ndi imene Windows XP imaidziwa yokhayo. SMB2 inabwera ndi Windows Vista mu 2006, Windows 7 inabwera ndi 2.1 mu 2009, Windows 8 nkubweretsa SMB3 mu 2012, kenako Windows 10 mu 2015 inabwera ndi 3.1.1. Makompyuta awiri akakumana amayamba afunsana kaye kuti iwe umadziwa iti, nkusankha yatsopano kwambiri imene onse awiri akuidziwa. Ndekuti Windows 7 ndi Windows 11 zimamvana zokha pa SMB 2.1, sizifuna SMB1 olo pang'ono. Amene akukuuzani kuti muyatse SMB1 kuti Windows 7 ilankhule ndi 10 kapena 11 akukupatsani mankhwala a matenda amene mulibe, ndipo mankhwala ake ndi oopsa.

Oopsa bwanji? Amene tinali kale pa ntchito imeneyi sitidzaiwala 12 Meyi 2017, tsiku limene vayirasi ya WannaCry inayamba kufala. Inagwira makompyuta oposa 200,000 m'mayiko oposa 150, imatseka mafayilo onse nkumafuna ndalama kuti iwatsegule, ndipo ku Britain zipatala za boma za NHS zinafika pobweza odwala chifukwa makompyuta anali atafa. Imadutsira pa bowo la mu SMB1, pa poti 445, khomo la pa netiweki limene SMB imadutsira, ndipo chowopsa chake nchakuti siimadikira kuti munthu adine kanthu ayi, ikangolowa pa kompyuta imodzi imadzifunira yokha anzake pa netiweki nkumalumpha. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka bowolo mu Malichi chaka chomwecho koma ambiri anali asanaike, ndipo ochuluka mwa makompyuta amene anagwidwa anali a Windows 7. Kumapeto kwa chaka chimenecho, kuyambira pa Windows 10 ya mtundu wotchedwa 1709, SMB1 anayamba kuichotsa, moti pa Home ndi Pro ikakhala masiku 15 osagwiritsidwa ntchito imadzichotsa yokha. Sanachite zimenezo pofuna kutivutitsa. Nde munthu ukabwera lero nkuibwezeretsa paliponse, nkuzimitsanso firewall, pa netiweki imene pali kompyuta ya Windows 7 yomwe inasiya kulandira ma apudeti a chitetezo pa 14 Januwale 2020, ukuganiza kuti wamusiya bwanji mwini ofesi? Ndipo tisaiwale kuti Windows 10 nayonso nthawi yake yothandizidwa inatha pa 14 Okutobala 2025, ndekuti makompyuta otere achuluka, sachepa.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo pa nkhani ya mafoda zimenezi nzoona kwambiri. Ine ndikafika pamalo sindiyamba ndi kuzimitsa kanthu, ndimayamba ndi funso limodzi, kodi makompyuta awiriwa akuonana nkomwe? Tsegulani Command Prompt, kawindo kotayipamo malamulo, pa onse awiri mutayipe ipconfig, muone ma IP, ma adiresi a makompyutawo pa netiweki. Ngati ina ili 192.168.1.20 inzake 192.168.1.35 ali pa msewu umodzi. Koma ngati ina ili 192.168.1.20 inzake 192.168.0.7 kapena 192.168.8.100, kawirikawiri ndekuti ali pa ma rauta osiyana, ndipo mutha kusintha ma setting tsiku lonse osaphula kanthu. Mukaona nambala yoyamba ndi 169.254 dziwani kuti kompyutayo siinalandire adiresi kuchokera ku rauta, yang'anani kebulo kapena WiFi. Chinanso chimene ndakumana nacho kambirimbiri ndi laputopu yolumikizidwa pa WiFi ya alendo ya rauta, intaneti ikugwira bwinobwino nde munthu amaona ngati zonse zili bwino, pamene WiFi ya alendo inapangidwa dala kuti amene ali pamenepo asaone makompyuta ena.

Ma IP akakhala bwino, musavutike ndi kuyang'ana mu Network muja kuti kompyuta ioneke. Dinani batani la Windows ndi R limodzi, mutayipe \\192.168.1.20 kapena IP iliyonse ya kompyuta yosunga fodayo, nkudina Enter. Apa ndikufuna anthu amvetse, kompyuta kusaoneka pa mndandanda wa Network sizitanthauza kuti foda siingatseguke, ndi nkhani ziwiri zosiyana. Kale mndandanda umenewo umadalira SMB1, ndiye itachotsedwa makompyuta ambiri anangosowa pa mndandandapo koma alipo ndithu ndipo ukawaitana ndi IP amayankha. Anthu ambiri amayatsa SMB1 chifukwa cha ichi chokha basi, akaiyatsa makompyuta aja nkuonekanso nde amati tapeza vuto. Pamene njira yabwino ilipo, pa kompyuta yosunga foda onetsetsani kuti netiweki yalembedwa kuti Private osati Public, muyatse Network discovery ndi File and printer sharing, kenako mu Services mupeze Function Discovery Resource Publication muiike kuti izidziyatsa yokha. Mukatero firewall imatsegula yokha kakhomo kofunikako, simukuyenera kugwetsa mpanda wonse. Ngati pali antivayirasi yokhala ndi firewall yakeyake muiuzenso kuti netiweki imeneyi ndi yodalirika. Kuzimitsa firewall kwa mphindi imodzi poyesa kuti muone ngati ndi imene ikutchinga, zimenezo ndimachita nanenso, koma ukaona yankho umaiyatsanso nthawi yomweyo nkukonza lamulo lake.

Ndipo amene mukufunafunabe HomeGroup, njira ija yogawanirana mafoda pakhomo imene inabwera ndi Windows 7, lekani, inachotsedwa mu 2018 pa Windows 10 ya mtundu wotchedwa 1803 ndipo mu Windows 11 mulibe.

Chotsatira, werengani uthenga umene kompyuta ikukupatsani. Ndikunena izi chifukwa anthu akandiimbira amangoti yakana, ndikafunsa kuti yalemba chani amati ndinatseka sindinawerenge. Uthengawo ndi theka la yankho. Ikalemba 0x80070035 kapena kuti network path was not found, kawirikawiri ndekuti siinafike nkomwe pakhomo, vuto ndi msewu, dzina, firewall kapena kusamvana kwa SMB, ngakhale pa Windows 11 yatsopanoyi nambala yomweyi imatulukanso pena ikamakana zolowa ngati mlendo. Ikamakubwezerani kabokosi kofunsa dzina ndi pasiwedi mobwerezabwereza ndekuti yafika pakhomo koma sakukudziwani. Ikalemba access denied kapena kuti mulibe permission ndekuti akudziwani koma simunapatsidwe chilolezo cholowa m'chipinda chimenecho. Mavuto atatu osiyana, mankhwala akenso osiyana, ndipo pa awiri omalizawa firewall ndi SMB1 sizikukhudzidwa mpang'ono pomwe.

Pa kabokosi ka pasiwedi mpamene anthu ambiri amagwa, nde ndichedwepo pang'ono. Dzina ndi pasiwedi zimene akufunsa si za kompyuta imene mwakhalapo ayi, ndi za akaunti imene ili pa kompyuta yosunga foda. Ndipo ndi bwino kulemba dzina la kompyutayo kutsogolo, mwachitsanzo ngati kompyuta ndi OFESI1 ndipo akaunti ndi foda mulembe OFESI1\foda, apo ayi Windows imatha kuyesa ndi dzina lanu la pa laputopu nkumakanidwa. Akaunti yopanda pasiwedi siiloledwa kulowa kudzera pa netiweki, imangogwira ukakhala pa kompyuta penipenipo, nde kusiya pasiwedi yopanda kanthu kuti zisamavute kumangowonjezera vuto. Chinanso ndi PIN. Makompyuta ambiri a Windows 10 ndi 11 anthu amalowa ndi PIN ya manambala anayi kapena sikisi, pasiwedi yeniyeni ya akaunti ya Microsoft anaiiwala kalekale. PIN imagwira pa kompyuta yomweyo basi, pa netiweki siigwira. Nchifukwa chake ine ndimakonda kupanga akaunti yapadera ya pa kompyuta pompo, yosakhala ya administrator, ntchito yake yolowera mufoda yokha. Tsiku lina wantchito akachoka mumangosintha pasiwedi imeneyo kapena kuchotsa akaunti yake, ngati aliyense munamupatsa yake, zomwe ndi zabwino koposa.

Ndiye pali kavuto kena kozunza kwambiri, pasiwedi mwasintha, mukulemba yolondola koma ikukanabe, pena siikufunsa nkomwe imangokana. Kawirikawiri ndekuti kompyuta inasunga yakale. Pitani mu Credential Manager pa Windows Credentials mufufute zimene zasungidwa za kompyuta imeneyo, kenako mu Command Prompt mutayipe net use * /delete kuti idule maulumikizano onse akale, dziwani kuti lamuloli lichotsanso madrayivu a pa netiweki amene munawapatsa zilembo nde mudzawalumikizanso. Windows siilola munthu mmodzi kulowa pa kompyuta imodzi ndi mayina awiri nthawi imodzi, ndi ija imalemba error 1219.

Tsopano za chilolezo. Foda ya pa Windows ili ndi maloko awiri ndipo ambiri amadziwa limodzi. Mukadina kumanja pa foda nkupita pa Properties pali tabu ya Sharing komanso pali tabu ya Security, munthu wobwera pa netiweki ayenera kuloledwa ndi onse awiri ndipo lokhwima kwambiri ndi limene limapambana. Mutha kumupatsa Full Control pa Sharing koma ngati dzina lake palibe pa Security salowa. Ikani dzina lake ponse pawiri, amene amangofunika kuwerenga mumupatse Read, wolemba mumupatse Modify pa Security ndi Change pa Sharing, zakwana. Ndipo chonde fodayo muipange payokha, monga D:\Ofesi kapena C:\Ofesi, osati kusheya Desktop ya munthu kapena drayivu yonse. Anthu saganizira kuti vayirasi yotseka mafayilo ikalowa pa laputopu imodzi imatseka chilichonse chimene laputopuyo ili ndi chilolezo cholembamo, kuphatikizapo foda ya pa netiweki. Ukapereka Full Control kwa Everyone pa foda yosafunsa pasiwedi ndekuti wapereka mphamvu imeneyo kwa kompyuta iliyonse imene idzalumikizidwe pamenepo, olo ya mlendo amene wangopempha WiFi kuti atumize imelo.

Kwa a Linux ndi Mac nkhani yake ndi yomweyi. Pa Mac mu Finder dinani Command ndi K mutayipe smb:// kenako IP. Pa Linux ndi Samba imene imachita ntchitoyi, nayonso kuyambira pa 4.11 ya mu 2019 SMB1 imabwera yozimitsa, ndipo kumbukirani kuti Samba imasunga pasiwedi yakeyake imene mumaika ndi smbpasswd -a, siitenga yokha ija mumalowera pa Linux. Ngati mukufuna kompyuta ya Linux izioneka mu Network ya Windows pali kapulogalamu kotchedwa wsdd.

Sindikukana kuti pali nthawi zina pamene SMB1 imafunikadi. Kompyuta ya Windows XP yoyendetsa makina enaake amene pulogalamu yake siigwira pa Windows yatsopano, fotokope yakale imene imasikana nkuponya mufoda, ka NAS kakale, kabokosi kosungira mafayilo pa netiweki, kapena rauta imene mumabayapo fulashi kuti ikhale foda ya onse, zambiri mwa zimenezi zimadziwa SMB1 yokha. Ndikumvetsanso kuti si aliyense angangotaya fotokope yoti ikugwirabe ntchito. Koma pamenepo pamafunika kuganiza, osati kungoyatsa paliponse. Yambani mwaona ngati opanga chipangizocho anatulutsa firmware yatsopano, pulogalamu ya mkati mwa chipangizocho, mafotokope ena amayamba kulankhula SMB2 akangoikidwa apudeti. Zikakanika onani ngati ingatumize sikani pa imelo kapena pa fulashi. Ngati palibiretu njira ina, yatsani SMB1 pa kompyuta imodzi yokha imene ikulankhula ndi chipangizocho, ndipo mu Windows Features muli timabokosi tosiyana ta Client ndi Server, sankhani kamene kakufunika kokha, Client ngati inu ndi amene mukupita kukatenga mafayilo ku chipangizo chakale, Server ngati chipangizocho ndi chimene chikubweretsa kwa inu. Foda yolandirira masikani ikhale yakeyake, musakhale china chilichonse chofunika. Kompyuta ya XP isamalowe pa intaneti, imeneyo inasiya kuthandizidwa mu Epulo 2014. Chimene sindingavomereze ndi chakuti chipangizo chimodzi chakale chikokere pansi makompyuta onse atsopano mu ofesi.

Kwa anzanga okonza makompyuta, ndikupempha ndi mtima wonse, chimene wasintha uzimuuza mwini wake, ndipo ngati nkotheka umulembere papepala. Munthu uja wakukhulupirira, sadziwa kuti firewall ndi chani, iye akaona foda yatseguka amaona ngati wamuthandiza. Mufoda muja muli zinsinsi za anthu ena amene sanakuonepo nkomwe, makasitomala, antchito, odwala ngati ndi kakiliniki, ana asukulu ngati ndi sukulu. Ndikudziwa kuti kufufuza bwinobwino kumatenga nthawi ndipo pena umaoneka ngati sukudziwa ntchito pamene ukuyesa chimodzichimodzi, koma kunena kuti ndipatseni mphindi 20 ndipeze chenicheni chikuvuta si manyazi. Ndipo inu eni maofesi, safunsa anadya phula, munthu akamaliza mufunseni kuti vuto linali chani, wasintha chani, firewall ndi yoyaka kodi, SMB1 wayatsa kodi ndipo chifukwa chani. Wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mafunso amenewa. Komanso foda ya pa netiweki si bakapu, ndi malo amodzi basi pa hadi disiki imodzi imene ingafe tsiku lililonse, muzikopera pa disiki ina imene mumaichotsa mukamaliza.

Pa ofesi ija ndinawakhazika pansi abwana nkuwaonetsa zonse, ndinatenga foni yanga nditalumikiza pa WiFi yawo nkutsegula drayivu yawo yonse ya C popanda kufunsidwa pasiwedi, anangoti kukamwa yasa. Tinayatsanso firewall pa onse anayi, tinachotsa SMB1 pa ma Windows 10 ndi pa laputopu, pa Windows 7 tinaizimitsanso chifukwa panalibe chipangizo choifuna, tinabwezeretsa kusayina mauthenga kuja ndi kutseka zolowa ngati mlendo, tinasiya kusheya drayivu ya C, aliyense tinamupangira akaunti yake ndipo foda ya malipiro tinaipatula kuti azilowamo anthu awiri okha. Pa rauta tinaisungira kompyutayo IP yake kuti isamasinthesinthe, chifukwa ndi vuto linanso limene limapangitsa kuti foda imene imatseguka dzulo lero isowe. Makompyuta onse atatu akulowa bwinobwino pa SMB 2.1. Chatsala nkusamutsa fodayo kuichotsa pa Windows 7 ija kupita pa kompyuta imene ikulandirabe ma apudeti, tagwirizana kuti tichita zimenezo mwezi wamawa.

Ine wowerenga wanu,
Wokonza makompyuta